Kha! kha! usiku wonse: za ma relay osasokosa ndi mazira 48 amene ndinaphika ndekha

Poyamba ndinene kuti kuno kufupi ndi Chitakale ine ndine mkamwini, nde mukamawerenga nkhaniyi muzikumbukira zimenezo, munthu ukauzidwa kuti "chinthu chanuchi chituluke" uli pamudzi pa eni ake umadziwa kuti nawenso utha kutuluka nacho limodzi.

Chinthucho inali inkyubeta, makina oswetsa mazira popanda thadzi. Bokosi la pulayiwudi lokhoma ndekha, mkati ndamatamo zoyera zofewa zija zimabwera m'makatoni a ma TV, mababu atatu a mawatsi 60 akale aja otentha (masiku ano kuwapeza ndi ntchito, aliyense akugulitsa a LED), ka fani kochotsa mu kompyuta yakufa, kambale ka madzi, ndi ka bolodi kaja ambiri amene mumapanga zimenezi mukukadziwa, W1209, kokhala ndi manambala ofiira atatu ndi ka sensa ka waya. Mazira a nkhuku amafuna madigiri 37.5 kwa masiku 21, osasewera nawo. Ka bolodiko ntchito yake ndi imodzi basi, kukazizira kayatse mababu, kukatentha kazimitse. Ndipo kamachita zimenezi kudzera mu relay, ka switch koyendetsedwa ndi magetsi.

Nde inali June, chiperoni chagwira sabata yathunthu, phiri silikuoneka n'komwe, nkhungu mpaka pakhomo, zovala za mwana sizikuuma. Bokosi ndinaliika kuchipinda chogona chifukwa ndi kokhako kofundirako, kuli soketi, komanso makoswe ndi anthu a manja ataliatali safikako. Masana palibe amene ankamva kanthu, wailesi ikulira, ana a alamu akusewera panja. Koma ikangokwana 10 koloko usiku mudzi uli zii, umangomva kha!... pakapita kamphindi kha!... kenaka kha! Nyumba yathu ilibe siling'i, malata okhaokha, phokoso lililonse limayenda ngati lalipira. Mwana anali ndi miyezi itatu, wa tulo topepuka, kungoti kha iye maso tong'o.

Usiku wachitatu mayi a kunyumba anadzuka n'kukhala tsonga. "Bambo a mwana, kodi tikulera mwana kapena mazira? Mawa chinthu chanuchi chikagone kwa amayi kukhitchini, apo ayi mukagone nacho komweko." Ndinangoti pepani mayi, ndipatseni masiku awiri.

Kwa amene simunatsegulepo relay, mkati mwake mulibe zamatsenga. Muli koyilo ya waya wopyapyala ngati tsitsi, magetsi akalowamo imasanduka maginito, maginitowo amakoka kachitsulo, kachitsuloko kamakagunda kanzake, magetsi akulu aja n'kudutsa. Mukazimitsa koyilo ka sipuling'i kamabweza kachitsulo kaja. Basi. Nzeru yake ndi yakalekale, Joseph Henry ankasewera nayo kale cha m'ma 1835 ndipo ndi imene inayendetsa ma telegraph. Nde kha ameneyu si kuwonongeka ayi, ndi chitsulo kumenya chitsulo, relay ikamagwira bwino ntchito ndi mmene imalirira. Ikakhala yaikulu, yonyamula ma ampu 10 kapena 20, kachitsuloko ndi kolemerako, sipuling'i yolimba, kulira kwakenso kokweza.

Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndipo ndimauza aliyense kuti ayambire pamenepa asanawononge ndalama, ndi kuona kuti phokosolo likukulira pati. Ka bolodi ndinali nditakamanga ndi ma sikuluu anayi pa pulayiwudi, gwa. Nde bokosi lonse linasanduka ng'oma, relay ikamenya thabwa lonse limayankha. Ndinamasula, ndinadula legeni ya chubu cha njinga, ndinapachika ka bolodi pa legeniyo kuti kasakhudze thabwa pena paliponse. Kusiyana kunalipo ndithu, kha uja anasanduka ka the. Koma khutu la mwana wakhanda ndi la mayi wake amene sanagone masiku atatu silinamizika. Ena amakulunga relay ndi siponji kapena thonje, ine ayi, pafupi ndi 230V ndi mababu otentha sindiikapo chinthu chogwira moto.

Chachiwiri ndi kuchepetsa kuchuluka kwa kulirako. Pa W1209 pali P1, imene imanena kuti kutentha kutsike madigiri angati mababu asanayakenso. Kamabwera kali pa 2, kutanthauza kuti mazira azitsika mpaka 35.5 kenaka n'kukwera, zimenezo kwa mazira n'zochuluka. Ine ndinali nditaika pa 0.2 pofuna kuoneka katswiri, nde ndi kuzizira kwa chiperoni kuja relay inkangogwira ntchito ngati yakodwa ngongole. Ndinakhala ndi wotchi ya pa foni kuwerenga, kuyatsa ndi kuzimitsa kumodzi kunkatenga pafupifupi mphindi 2. Chitani masamu, ndi ka 30 pa ola, ka 720 pa tsiku, ka 15,120 pa masiku 21, ndipo ulendo uliwonse imalira kawiri. Ma relay a mtundu uwu pa datasheet, pepala la opanga ake, amalemba kuti akanyamula katundu wodzaza amapirira ka 100,000. Anga mababu anali katundu wopepuka, akanapitirirako, komabe babu la waya likakhala lozizira limakoka magetsi mwina kuchulukitsa ka 10 pa kamphindi koyamba, ndipo kamoto kameneko kamadya ma contact, tizitsulo togundana tija, pang'onopang'ono. Apa ndi pamene ndinaona kuti nkhani si ya tulo tokha, chinthuchi chikudzidya. Ndinakweza P1 kufika 0.5, kulira kunachepa, koma kunalipobe.

Nde ndinakwera minibasi ya msewu wa Midima kupita ku Limbe kukasaka solid state relay, SSR. Imeneyi mulibe chosuntha chilichonse. Mbali yolamula muli ka LED, kuwala kwake kumayatsa ka chipangizo kena mkati momwemo, kenaka triac, ka switch kopanda chosuntha, n'kutsegula njira ya magetsi a AC, a pakhoma aja. Palibe kumenyana kwa zitsulo nde palibe phokoso, olo mutaika khutu pompo. Ndinapeza pa shopu ina, sinditchula, yoyera ya makona anayi yolembedwa 25A, mbali yolamula 3 mpaka 32V DC. Mtengo wake unali wotsika mokayikitsa koma ine ndinangoti Mulungu wandikumbukira lero. Kulumikiza kwake n'kosavuta, mumachotsa relay pa bolodi ndi soda, pamene panali miyendo iwiri ya koyilo mumatengapo mawaya awiri kupita ku SSR, kusamala plus ndi minus basi.

Usiku umenewo chipinda chinali zii. Mababu akuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima, ngati munthu akuphethira. Mwana anagona mpaka 4 koloko. M'mawa ndinapatsidwa tiyi wa mkaka ndi chinangwa chokazinga osapempha, apongozi mpaka anafunsa kuti mwachita mankhwala anji. Ndinayenda mapewa m'mwamba pafupifupi sabata ziwiri.

Tsiku la 16, mazira 48 a mikolongwe, nkhuku zakuda zija za Black Australorp, ndinali nditawaunika ndi tochi ndipo ambiri munali moyo, mumaoneka kamdima kakusuntha. Ndinadzuka cha m'ma 5 kuti ndiwatembenuze. Ndisanatsegule n'komwe ndinamva fungo, lija la thabwa lotentha. Manambala ofiira akuti 45.8. Ka LED ka pa bolodi kozima, kutanthauza kuti ka bolodi kakulamula kuti zima, koma mababu awiri akuyaka ngwee, lachitatu lakuda mkati, lapsa. Ndinazula pulagi, ndinagwira dzira limodzi, lotentha ngati lochokera mu poto. Ndinakhala pansi pa simenti osayankhula. Mayi a kunyumba anayang'ana, sananene kanthu, anangonyamula mwana n'kutuluka, ndipo kusanena kumeneko kunandiwawa kuposa kukalipa. Ndinawasiya mpaka tsiku la 23 mwa chikhulupiriro chabe, silinaswe olo limodzi.

Ndinaiswa SSR ija ndi chezulo kuti ndione. Mkati, pansi pa phula lakuda lija, munali ka triac kakang'ono koti sikangayandikire n'komwe ma ampu 25, chizindikiro cha panja ndi zamkati zosiyana ngati thumba la feteleza lothiramo mchenga. Zachinyengo zoterezi zadzaza, samalani. Koma ndisanamizire zonse pa chinyengocho, chifukwa mababu atatu a 60 ndi mawatsi 180, pa 230V sakwana n'komwe ampu imodzi, ka triac kakang'onoko kakanatha. Chimene ndikuganiza kuti chinachitika ndi ichi, babu la waya likamapsa nthawi zina mkati mwake mumadumpha moto umene kwa kanthawi kochepetsetsa umakhala ngati shoti, magetsi ambirimbiri amadutsa, relay ya zitsulo imangopirira koma triac imafa pompo. Ndipo nayi nkhani imene palibe anandiuza pa kauntala paja, SSR ikamafa kawirikawiri imafa ili yotsegula njira, magetsi akudutsa, osazimanso. Imafanso mwakachetechete. Ikanakhala relay yakale ija ndikanadzuka pakati pa usiku n'kudabwa kuti bwanji kha wasiya, chifukwa thupi linali litazolowera. Chete amene ndinakamugula ku Limbe ndi yemweyo anandibisira kuti zinthu zavuta.

SSR ili ndi makhalidwe ena oti muwadziwe musanaikonde. Imatentha, pa ampu iliyonse imataya mphamvu yoposa watt imodzi, nde mukaiika pa hotplate kapena giza ya ma ampu 10 ndi mawatsi 10 kapena 15 amene akufuna potulukira, popanda heat sink, chitsulo cha aluminiyamu chotayira kutentha, imapsa ngakhale ikhale yeniyeni. Imadonthanso, olo ili yozima timagetsi tochepa timadutsabe, n'chifukwa chake mukaikako babu la LED limatha kumaoneka kakuwala kapena kumaphethira usiku, ndipo chonde musadzagwire waya poganiza kuti SSR yazimitsa, zulani pulagi, 230V sicheza. Komanso ya AC ndi ya AC basi. Triac imazima pokhapokha magetsi akadutsa pa zero, zimene pa 50Hz yathuyi zimachitika ka 100 pa sekondi, koma pa batire palibe zero, mukaiyatsa yayaka mpaka kalekale. Mnzanga wina wa ku Luchenza anaiika pa magetsi a sola a 12V n'kumanditumizira mavoisi usiku kuti aise chinthuchi n'chakufa, chikhalirecho chinali chamoyo, malo ake sanali amenewo.

Nditapola mtima ndinayambiranso, koma ulendo uno ndinasiyana nawo magetsi a 230V. Chifukwa china ndi kuzimazima, amene munalipo 2022 Cyclone Ana atawononga Kapichira mukukumbuka mmene tinkakhalira mumdima, ndipo Freddy mu March 2023 kuno ku Mulanje ndi Phalombe sitifuna n'kukumbutsana komwe. Mazira sadikira magetsi. Nde ndinapita ku 12V, batire ndi sola, chaja ya pakhoma yongothandizira. Zotenthetsera ndi mababu awiri a galimoto a mawatsi 21, aja a ma indiketa, onse pamodzi mawatsi 42, ma ampu 3.5, bokosi ndinalichepetsako kuti akwanitse.

Pa DC ya 12V chinthu chosalira, chotchipa, chosatentha ndi MOSFET, ka switch kena kopanda chosuntha ka miyendo itatu, gate, source ndi drain. Anthu ambiri amathamangira IRFZ44N chifukwa imapezeka m'ma inveta ambiri akufa, koma dziwani kuti imeneyo imafuna pafupifupi 10V pa gate, mwendo wake wolamulira, kuti itseguke bwino, mukaipatsa 5V ya Arduino, ka bolodi kolamulira zipangizo, imatseguka theka n'kumatentha, ya 5V ndi IRLZ44N, kusiyana chilembo chimodzi chokha. Pa W1209 pali kamsampha kena. Koyilo ya relay mwendo umodzi uli pa 12V nthawi zonse, winawo ndi umene ka transistor kamaukokera pansi kakafuna kuyatsa. Nde mukalumikiza MOSFET ya mtundu wa N-channel, monga ziwiri zija, pamenepo zinthu zimayenda chagada, kukazizira izima, kukatentha iyaka, mwaphikanso mazira. Ine ndinatenga ya mtundu wina, P-channel, IRF4905, source ku plus ya batire, drain ku mababu, gate pa mwendo uja umakokedwa pansi, ndi resistor ya 10k kuchoka pa gate kupita ku plus pamalo pamene panali koyilo. Ikatseguka resistance yake ndi pafupifupi 0.02 ohm, pa ma ampu 3.5 ndi kota ya watt, mukaigwira ndi chala simumva n'komwe kufunda. Fyuzi ya ma ampu 7.5 pafupi ndi batire, osaiwala, batire la galimoto likachita shoti waya amasanduka makala.

Koma MOSFET nayonso ikafa imakonda kufa yotsegula njira, ndi ana a mimba imodzi ndi triac pa khalidwe limenelo. Nde relay yosokosa ija imene ndinaichotsa mwamwano ndinaibweza, koma pa ntchito ina, ya ulonda. Ndinagula W1209 yachiwiri, relay yake osaichotsa, sensa yakeyake, ndinaiika pa madigiri 39, ma contact ake ali pa mzere umodzi ndi mababu MOSFET isanafike. Masiku onse imangokhala itagwira, siilira, imadya ma milliamp ochepa a koyilo basi. Tsiku limene kutentha kudzapyole 39 idzati kha n'kudula zonse. Ndipo ikadzafa yokha, koyilo kupsa kapena waya kuduka, imasiya, mababu azima, mazira azizira. Dzira limapirira kuzizira kwa maola angapo, thadzi nalonso limachokapo kukadya, koma kutentha kopyola muyeso silikhululuka. Ndinaiyesa poviika sensa m'kapu ya tiyi wofunda, kha, mababu thi. Sindinasangalalepo ndi phokoso limenelo ngati tsiku limenelo.

Pali mtundu wina wa kusokosa umene si wa m'khutu mwachindunji, ndipo uwu ndinakumana nawo kutchalitchi kwathu. A kwaya ankafuna kabokosi koti azisintha pakati pa kiyibodi ndi foni yoimbira nyimbo popanda kuzulazula majaki, chifukwa majakiwo ankatha mwezi ndi mwezi. Ine ndinatenga ma relay a buluu aja amabwera pa timabolodi ta Arduino, a ma ampu 10, ndinati chachikulu chimatha zonse. Tsiku loyamba ndikusintha, masipika onse phuu! agogo ena kutsogolo anadzidzimuka mpaka kugwetsa buku la nyimbo. Patapita miyezi iwiri ya chinyezi chathu chino mawu anayamba kukhala ngati munthu akukazinga chimanga, mbali imodzi kumadukaduka, ukamenya kabokosi ndi chala n'kubwerera.

Zinali zinthu ziwiri zosiyana. Phuu uja mbali ina amachokera ku koyilo, mukaidula magetsi mwadzidzidzi imabweza mphamvu yokwera kwambiri, imene imalowa m'mawaya a mawu komanso imatha kupha transistor. Mankhwala ake ndi diode, ka chipangizo kodutsitsa magetsi mbali imodzi yokha, yopingasa pa koyilo, 1N4148 kapena 1N4007, mzere wake woyang'ana ku plus. Timabolodi togula timakhala nayo kale, koma ine ndinali nditachotsa ma relay okha n'kuwaika pa bolodi langa, diode ndinaiwala. Mbali inanso amachokera ku ma capacitor a m'njira ya mawu amene amasunga ka DC pang'ono, mukalumikiza mwadzidzidzi kamatuluka ngati chifuwa, nde mumaika resistor ya 100k kupita ku ground mbali zonse za ma contact kuti kazitsikiratu. Komanso ground ya koyilo isayende njira imodzi ndi ground ya mawu, ndi mawaya a koyilo atalikirane ndi a maiki.

Kukazinga chimanga kuja ndi nkhani ya ma contact enieniwo. A ma relay akuluakulu ndi a siliva wosakaniza, amachita kakuda pamwamba, ndipo amadalira kamoto ka katundu wolemera kuti kaziwatsuka ulendo uliwonse. Ambiri pa datasheet amalemba kuti katundu wochepetsetsa ndi cha m'ma 100mA pa 5V. Mawu a kiyibodi ndi timagetsi tosafika n'komwe volt imodzi kapena ziwiri, sitingaboole kakudako. Pa mawu pamafunika signal relay, ting'onoting'ono tomata osalowa mpweya, ma contact okutidwa ndi golide, monga Omron G5V-2 kapena G6K, kapena Panasonic TQ2. Za Omron zimenezi zimalembedwa kuti zimagwira mpaka pa 10 microamp ndi 10 millivolt. Ndipo poti kachitsulo kake n'kopepuka kulira kwake ndi ka ti chabe, mu tchalitchi simungakamve. Kumata kumeneku kuno n'kofunika kawiri, chinyezi cha m'minda ya tiyi ndi nyerere, ndinatsegulapo relay ya fridge guard imene inasiya kugwira ndikupeza nyerere zouma zitadzaza pakati pa ma contact ngati zinali pa maliro.

Yachete kuposa pamenepo mwa zosuntha ndi reed relay. Ndi kagalasi kakang'ono ngati kambewu ka mpunga kotalikirako, mkati muli timalilime tiwiri ta chitsulo, koyilo yazungulira kunja, maginito akabwera timalilimeto timakhudzana. Inachokera ku Bell Labs m'ma 1930, ya ma exchange a matelefoni. Kuti muimve mpaka muiike pa khutu. Koma mphamvu ilibe, zambiri ndi theka la ampu ndi mawatsi 10, mukaipatsa babu kapena chaja yokhala ndi capacitor yaikulu timalilime timawotcherana kamodzi n'kamodzi osasiyananso. Pa masensa, pa mawu, pa ma alamu a pachitseko ili bho. Palinso PhotoMOS, ka chipangizo ka miyendo 4 kapena 6, mkati LED ndi ma MOSFET, zii kotheratu ndipo zambiri zimadutsa AC ndi DC yomwe, koma nazonso ndi za katundu wopepuka ndipo kuno kuzipeza mpaka kuitanitsa.

Kumene ndimapeza tizinthuti si ku shopu kwenikweni. Ma modem akale a telefoni ya waya, mabolodi a switchboard za m'maofesi, ma fax, ma alamu akale, mumakhala ma signal relay ndi ma reed abwino kwambiri oti anangogwira ntchito pang'ono. Anyamata okonza mawailesi pamsika amakhala ndi milu ya mabolodi pansi pa tebulo, ukawagulira fanta amakusiya ufukule. Kabokosi ka kwaya pano kali ndi ma relay awiri ochokera mu modem ya zaka zoposa mwana wanga woyamba, chaka chatha tsopano palibe wadandaula.

Latching relay ndiitchuleko pang'ono poti ena mumafunsa za sola. Iyi imalira ndithu koma imafuna ka pulse kamodzi kokha, ikasuntha imakhala pomwepo ndi maginito ake popanda kudya batire. Kha uja mumamva mu mita ya prepaid mayunitsi akatha ndi imeneyo. Pa getsi la panja loyaka madzulo n'kuzima m'mawa ndi yabwino, kawiri patsiku palibe angadandaule. Koma pa chotenthetsera ayi, chifukwa cholamulira chikafa iyo imatsala mmene inaliri, ngati inali yoyatsa ndi yoyatsabe. Aliponso ma relay a katundu wolemera opangidwa dala kuti azilira motsitsa, Omron G5RL ili ndi mtundu wolembedwa LN kumapeto, ngati muli ndi wachibale ku Johannesburg woti angakutumizireni. Ndipo ngati vuto lanu si kha koma ng'ung'uuu wosalekeza ngati contactor, relay yaikulu ija ya kuchigayo, imeneyo ndi koyilo ya AC, pankhope pa maginito palowa fumbi kapena dzimbiri, kapena ka ring'i ka kopa kamene kamaletsa kunjenjemera kaduka, kapena magetsi afika ofooka. Pukutani kaye, mukalephera sakani ya koyilo ya DC. Yomangoti trrrr mofulumira ndiye kawirikawiri si relay yolakwa, ndi pawa sapulayi yofooka imene imagwa relay ikangokoka.

Zoseketsa n'zoti pamene ine ndikuvutika kuthetsa kha, opanga magalimoto atsopano anachotsa relay ya indiketa n'kuika ka sipika kongonamizira kulira kwake, kuti dalaivala asaiwale kuti akuphethira.

Nde munthu akandifunsa pa WhatsApp kuti achimwene ndigule relay iti yosalira, ndimayamba ndamufunsa kuti mukuyatsa chani, AC kapena batire, ma ampu angati, kangati pa ola, ndipo chikakanirira choyaka usiku inu muli mtulo chipsa n'chani. Funso lomalizali ambiri amakhala kaye chete. Wina ankafuna SSR pa giza, wina pa ayironi ya shopu yake yosoka, onsewo ndinawauza kuti ikani, yeniyeni, pa heat sink, koma kumbuyo kwake kukhale chinthu cha zitsulo chodula, kaya relay kaya thermal fuse, fyuzi yoduka ndi kutentha.

Ulendo wachitatu ndinaika mazira 36, ena a mikolongwe ena a nkhuku zachikuda za apongozi amene anandipatsa akundiyang'ana m'maso kuti awa musaphike. Masiku 20 chipinda zii, mlonda uja sanalire olo kamodzi. Usiku wolowa tsiku la 21 cha m'ma 2 koloko tinadzidzimuka ndi piyopiyo, woyamba waboola, pofika m'mawa analipo 11, pomatha tsiku lotsatira 27. Mwana sanagone, mayi ake sanagone, ine ndili chogwada ndi tochi pa kagalasi ka bokosi. Anapiye anasamukira kukhitchini kwa apongozi tsiku lomwelo m'katoni ya sopo yokhala ndi babu limodzi la mawatsi 21 ndi batire la njinga yamoto, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo apongozi ananeneratu kuti ndi awo.